Pamene Bambo Anatsokomola

Bambo anga, Cleophus Fontenot,
anachoka ku New Orleans pa sitima ya usiku,
m'bogi ya anthu akuda,
timitengo tiwiri ta ng'oma tili m'thumba la jekete,
nsapato zili zobwereka kwa mlamu wawo.
Ankati kwawo malipenga amaperekeza maliro akulira,
pobwera kumanda malipenga omwewo n'kumaseka,
ndipo jazi anabadwira pakati pa ulendo ndi ubwerero.

Ku Harlem anaimba zaka khumi ndi zinayi
m'zipinda zapansi zofuka utsi wa fodya,
kulowera khomo la kukhitchini
m'mahotela amene sakanawalola kugonamo.
Chimbale anajambula chimodzi chokha.
Malipiro: madola makumi awiri ndi mbale ya nyemba zofiira.
Dzina lawo pachikuto analiphonya chilembo.

Pa nyimbo yachitatu,
lipenga litapuma, gitala wamkulu atati zii,
ng'oma itatsala yokha pabwalo,
bambo anatsokomola.
Kho!
Dzanja linachedwa kamphindi, ngati kuphethira kwa diso.
Mwini situdiyo anati tepi ndi yodula, sitibwereza.
Chimbalecho chinakagona kunsi kwa bedi ku Bronx,
pamodzi ndi malisiti a lendi ndi nsapato zija.

Ine ndinakula nyumba zikupsa mumsewu mwathu,
mwezi uno iyi, mwezi wamawa inayo.
Bambo anali atayamba kukolopa masitima apansi panthaka.
Kusukulu kwa mwana wanga Lamont
malipenga anawatsekera m'kabati, ati ndalama palibe.
Koma mwana wosowa ng'oma saleka kumva ng'oma.
Anyamata anaba magetsi pa mzati wa nyale ya mumsewu,
nakoka chingwe mpaka pabwalo la mpira wamanja,
magalamafoni awiri pathebulo lopendekeka,
wina atagwira maikolofoni, akulavula mawu
okhudza makoswe, apolisi, ndi mtsikana wa pansanjika yachisanu.

Loweruka lina la chilimwe, mazenera ali pululu,
tinamva kuchokera pansi:
kho! du-dum. Kho! du-dum. Kho!
Lamont anali atakwawira kunsi kwa bedi.
Chala chili pa chimbale, akuchibweza, akuchibwezanso,
singano ikukanda bala lomwelo,
ndipo ana mazana awiri akuvina pachilondapo,
ena akuzungulira ndi mutu pa katoni.

Bambo anatsika masitepe onse ndi masilipasi,
ine pambuyo, mtima uli m'mwamba.
Anaima pathebulo, anamuyang'ana mdzukulu nthawi yaitali.
Anati, Mphindi makumi anayi ndinaimba bwino m'menemo,
iwe wasankha pamene ndinagwa?
Lamont sanayankhe. Thukuta lokha.
Chimbale chinazungulira kawiri.
Kenaka bambo anagogoda thebulo ndi chikhadabo:
Ukufulumira. Dikira chifuwacho chithe, ndiye ulowe.
Ngati ukuba, iba mwaluso.

Anamwalira chaka chotsatira, ndi chifuwa chomwecho.

Lamont amayendetsa basi tsopano, imvi zili mbuu.
Kaseti yake inadutsa m'manja ambiri,
wina anakopera wina, winayo anagulitsa,
ife sitinaonepo ngakhale senti.
Ndakhala namwino zaka makumi atatu,
ndamva zifuwa zamitundumitundu,
koma dzana, pa sitolo ya mankhwala,
galimoto inaima pamaloboti, magalasi ali otsitsa,
mnyamata akuimba rapu m'chinenero chimene sindichidziwa,
kaya Chifalansa, kaya Chikoreya,
ndipo pansi pa mawu akewo,
kho! du-dum.

Maloboti anasintha. Galimoto inapita.
Ine ndinatsala m'mbali mwa msewu, thumba m'manja,
nditatembenuka kale,
kuti ndikawatungire madzi akumwa.